Zipolopolo Zisanu

Mfuti iyi ndi nzika.
Ine ndine mlendo.

Madzulo alionse ku Graniteside
a Mushonga amatsegula kabati yachitsulo
yokhomerera kukhoma ndi mabawuti anayi
monga lamulo lifunira,
naitulutsa mosamala ngati khanda lili m'tulo.
Zipolopolo zisanu m'dzanja langa.
Ndimawerenga, iwo nkuwerenganso,
kenako ndimasayina m'buku lakuda:
Sikelo Mbewe, zisanu.

Nthawi ya chiphaso chake ikatha
timapita nayo kwa apolisi, itakulungidwa m'chikwama.
Pamzere pali anthu a mimba zawo,
alimi a fodya, eni migodi, wina wogulitsa nyama,
aliyense ndi chifukwa chake cholembedwa bwino:
anyani m'munda, ndalama m'galimoto.
Wapolisi amaitembenuza,
amapukuta nambala yake ndi chala,
naitchula mokweza ngati dzina la mwana pa ubatizo.
Chidindo, phaa!
Yaloledwa kukhalabe m'dziko muno.
Inabwera pa sitima kuchokera kutsidya la nyanja
koma palibe amene anaifunsapo kwawo kwa bambo ake.

Ine mchombo wanga unagwera ku Mbare.
Bambo anachoka ku Dedza ndi bulangeti limodzi,
anasesa misewu ya mzinda uno mpaka msana kupindika,
lero ali gone kumanda a ku Mbudzi.
Koma chitupa changa chikunenabe kuti ndine wobwera,
ndipo mayi wa magalasi wa pawindo lachitatu
amati ndibweretse kalata ya kubadwa ya bambo.
Ndikaifukule kuti?

Tsiku lina ndinafunsa za kugula yangayanga.
Wapolisi anaseka mpaka kutsokomola.
Uli ndi chuma chanji choti uteteze?
Kabati yachitsulo ukaikhoma pakhoma la yani?
Ndinayamba kutchula: bedi, wailesi, njinga yopanda tcheni.
Makina osokera a Esinala sindinawatchule.
Akuba anali atawanyamula kale,
usiku womwe ine ndinkalondera matayala a eni.

Lamulo limati mfuti ithere pageti.
Sikwera nane kombi.
Sidziwa kumene ndimagona.

Juni wathayu, chisanu chikuluma zala,
ndinamva waya akulira kuseri kwa nyumba ya katundu.
Mthunzi pamwamba pa mpanda,
mtolo wa mawaya amkuwa paphewa.
Ndinakweza mfuti.
Zimene anatiphunzitsa zinabwera zokha:
chenjeza kaye, chenjezanso,
usaombere wothawa,
chipolopolo chilichonse udzachiyankhira.
Chala changa chinali chitamva kale kuzizira kwa chitsulo.
Ndinakuwa m'Chishona kuti ima!

Anaterereka.
Botolo losweka la pampanda linamng'amba mwendo
ndipo analira.
Sanati maiwe ngati ana a kuno.
Anati mayo ine!

Mayo.
Mawu amene bambo anatulutsa
tsiku lomwe mgolo wa zinyalala unawagwera paphazi.

Ndinamuunika ndi tochi.
Kamnyamata, ndevu zisanamere,
nsapato imodzi, magazi akutsikira m'sokosi.
Tinayang'anana.
Sindinamufunse mfunda wake, ndinkaopa kuumva.
Ndinatsitsa tochi pansi
ndipo anakwawira kunja, mawaya atawasiya.

M'mawa ndinakolopa pakhoma mabwana asanafike.
A Mushonga anatambasula dzanja.
Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu.
Usiku unali bwanji?
Wozizira, bwana.

Anaipukuta ndi kansalu ka mafuta,
anaigoneka m'kabati mwake, natseka kawiri.
Ine ndinayenda wapansi mpaka ku Matapi
chifukwa ya kombi inali itaperewera,
ndikuyang'ana miyendo ya anyamata onse a m'njira
kuti ndione amene akutsimphina.